Babu Loitanira a Ngozo

Fungo limene limandibwezera kwa agogo anga aamuna, a Ngozo, ndi la mtovu wosungunuka litasakanikirana ndi utsi wa makala. Ankakonza mawailesi pakhonde la nyumba yathu ku Lizulu, kuseri kwa mzere wa magolosale, ndipo popeza m'nyumbamo munalibe magetsi, chitsulo chawo chowotcherera mawaya ankachitenthetsa pambaula, n'kumachiyandikitsa kutsaya kuti amve ngati chapsa. M'mawa wa nyengo yachisanu, chifunga chitakuta msewu mpaka mbali ya ku Mozambique osaoneka, malole akulira pokwera mtunda, amayi a pamsika akuitanira kachewere ndi kabichi kwa anthu a m'maminibasi, iwo ankakhala atawerama kale pa wailesi yotsegula kumsana, atavala chikhoti chakuda ndi chipewa chaubweya, magalasi atatsetserekera kunsonga ya mphuno.

Makutu awo anali atayamba kutha. Wailesi akaikonza ankaika zala ziwiri pa sipika kuti amve kunjenjemera kwake, kenako n'kuuza mwiniwake kuti, "Yalankhula. Koma zimene ikunenazo mufunse Tadala." Tadala ndine. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili sitandade seveni, ndipo ndinkakhala ndi agogo chifukwa amayi anga ankagwira ntchito ku Blantyre.

Agogo aakazi, a Nachisale, ndiwo anali makutu ndi pakamwa pa nyumba yonse. Anagulitsa kachewere pamsika zaka zambiri, ndipo mawu awo ankamveka kuchokera pamsewu mpaka pakhonde. Ndi okhawo amene a Ngozo ankawamva osafunsa kachiwiri. Koma chaka chimenecho, mvula itangotha, anagwa ndi sitiroko. Atabwerako kuchipatala, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, ndipo mawu aja anatsala kanong'onong'o kofunika kuweramira kuti ukamve.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawapeza ali pansi, pakati pa bedi ndi chitseko, chitenje chitanyowa, thupi litazizira ndi simenti. Anafuna kupita kuchimbudzi, anaitana, n'kuitananso, kenako anayesa kudzuka okha. Anagona pamenepo kuyambira cha m'ma naini mpaka ine kufika. A Ngozo anali kuseri kwa khoma lomwelo, masitepe asanu okha, akukonza tochi. Nditawakoka chikhoti n'kuwalowetsa m'nyumba, anawanyamula akazi awo, anawasambitsa, anawafunditsa mabulangete awiri, ndipo tsiku limenelo sanabwererenso pakhonde. Mbaula inazima yokha.

Amayi atamva anabwera Loweruka. Anakhala pamkeka n'kulankhula mokweza kuti bambo awo amve.

"Bambo, amayi ndikawatenga. Kwanga kuli chipatala pafupi. Sukulu ikatsekera ndibwera ndi galimoto, ndidzatenge iwo ndi Tadala."

"Nanga ine?"

"Chipinda n'chimodzi, bambo. Muzidzabwera kudzawaona."

A Ngozo anayang'ana zikhatho zawo nthawi yaitali. Anali atakhala ndi a Nachisale zaka zoposa makumi anayi, ndipo sanasiyanepo kupitirira sabata. Pomaliza anati, "Sukulu itsekera liti?" Panali masabata asanu ndi limodzi.

Kukhala m'chipinda tsiku lonse a Ngozo sakanatha, chifukwa chakudya chathu chinkachokera pakhondepo. Ndiye anayamba kuyesa njira. Belu la njinga sankalimva. Anamanga chingwe kuchokera kudzanja lamanzere la a Nachisale, kudutsa pazenera, mpaka kumwendo wawo, koma tsiku lachiwiri anaiwala, n'kunyamuka kukalandira kasitomala, chingwe n'kukoka gogo mpaka kukuwa. Anayesa babu la tochi ndi kaswichi, koma babulo linkayaka pokhapokha gogo akadina, ndipo dzanja lawo linkatopa msanga. Masana, dzuwa likuwala, munthu atawerama pa ntchito, kuwala kwa kamphindi kamodzi sikunkaoneka.

"Likufunika babu lokumbukira," anandiuza tsiku lina akupukuta magalasi. "Loti akalikhudza kamodzi, lizingophethira osaleka mpaka ndilione."

Pafupi nafe panali shopu ya Che Amidu, amene ankagulitsa machaja, mabatire ndi zikuto za mafoni, ndipo pakona anali ndi kompyuta yakale yoikira nyimbo m'mamemori khadi. Iwo ndi a Ngozo ankamwera limodzi tiyi wa m'mawa kwa zaka zambiri, wina wa kumzikiti wina wa kutchalitchi, akutsutsana za mpira mokuwa chifukwa cha makutu aja. Mwana wawo wamkazi, Halima, ankaphunzira zamagetsi kukoleji, ndipo masiku amenewo anali patchuthi. Che Amidu atamufotokozera vuto lathu, Halima anabwera pakhonde madzulo ena atanyamula kabokosi ka pulasitiki.

Munali kabolodi kobiriwira ngati thambo, kocheperako kuposa chikhatho changa, kokhala ndi timabowo ta manambala m'mbali mwake ndi kachipi kakuda pakati. Munalinso timawaya tamitundumitundu, timababu ting'onoting'ono tofiira, timabatani, ndi mapepala a Chingerezi omangidwa ndi sitepula. A Ngozo anatenga kabolodi kaja ndi zala ziwiri, anakatembenuza, anakanunkhiza.

"Kamagwira ntchito yanji?"

"Iliyonse imene mungakauze, agogo," Halima anayankha pafupi ndi khutu lawo. "Pakali pano sikadziwa kanthu. Mumalemba malangizo pakompyuta, n'kukatumizira kudzera pa waya uyu, ndipo sikaiwala ngakhale muchotse batire."

"Ine ndakonza mawailesi kuyambira bambo ako asanamere ndevu. Chinthu chimachita zimene mawaya ake akunena. Ichi ukuti chimamvera zolemba?"

"Tiyeni mukaone."

Tinapita kushopu tonse atatu, akazi a Che Amidu atabwera kudzakhala ndi gogo. Halima analumikiza kababu kofiira, analemba mizere ingapo, n'kundiuza kuti ndiziwatanthauzira agogo. Mzere wina unkati yatsa, wina dikira, wina zimitsa, wina dikiranso, kenako kubwerera poyambira. Anadina, timagetsi ta pabolodi tinathwanima pang'ono, ndipo kababu kanayamba kuphethira: kuyaka, kuzima, kuyaka, kuzima. A Ngozo anakayang'ana ngati mmene ankayang'anira munthu wobwera ndi wailesi yokayikitsa ngati ndi yake.

"Akukauza kuti kadikire ndani?"

Halima analoza nambala pasikirini, wani ndi maziro atatu, n'kunena kuti imeneyo ndi sekondi imodzi. Kenako anasuntha kiyibodi. "Sinthani, agogo. Lembani thuu handiredi."

Anafufuza manambalawo ndi chala chimodzi chokhala ndi zipsera za mtovu, mpaka anawapeza. Kababu kanayamba kuphethira mothamanga. Iwo anabwerera m'mbuyo pang'ono, anavula chipewa, n'kuchivalanso. Anasintha nambalayo kasanu tsiku limenelo, ndipo pochoka anagwira Halima chanza ndi manja awiri, nati, "Zikomo aphunzitsi." Kuyambira pamenepo sanamutchulenso dzina, ngakhale anamuona akukwawa ali khanda.

Halima anabwerera kukoleji patatha masiku atatu, n'kutisiyira kabokosi konse kuti tibwereke. Tinatsala awiri osadziwa kanthu: nkhalamba yodziwa mawaya koma yosadziwa Chingerezi cha m'mapepala aja, ndi mwana wodziwa kuwerenga mawuwo koma osamva chimene akutanthauza. Che Amidu ankatipatsa kompyuta akapita kukaswali masana, nthawi imene anyamata a nyimbo anali asanayambe kubwera. Ndinkathamanga kuchokera kusukulu, yunifolomu osavula, n'kukapeza agogo atakhala kale pabenchi, kabokosi kali pamiyendo. M'shopumo munkanunkha pulasitiki watsopano ndi mafuta a tchipisi ochokera pachiwaya cha panja, fani ya kompyuta ikulira ngati chiwala, ndipo masiku ena magetsi ankazima tisanalembe ndi mzere umodzi womwe, n'kungobwerera kunyumba.

Kompyutayo inali yosakhululuka. Tsiku lina inakana kutumiza chilichonse, ikungotulutsa mawu ofiira pansi. Ndinawawerenga mobwereza osamva kanthu, misozi n'kuyamba kulengeza. A Ngozo anatenga pepala la Halima, analiika pambali pa sikirini, n'kuyamba kufananiza chilembo ndi chilembo, nsonga ya sikuludiraiva ikuyenda pang'onopang'ono, monga ankatsatira waya m'wailesi. Sankawerenga mawu, ankangoona maonekedwe. Patapita nthawi anagogoda pagalasi. Kumapeto kwa mzere wachinayi ndinali nditaiwala kachizindikiro kooneka ngati dontho lokhala ndi mchira pansi.

"Kanthu kochepa chonchi?" ndinadandaula.

"Wailesi yonse imafa chifukwa cha waya woonda ngati tsitsi. Lemba."

Pofika sabata yachitatu tinali titaphunzitsa kabolodi kumva batani. Ukadina kamodzi, kababu kofiira kankayamba kuphethira osaleka. Koma kanali kochepa kwambiri, ndipo agogo anapeza indiketa ya njinga yamoto, yachikasu, yowala mokwanira kuoneka masana. Anaiika patebulo n'kunena kuti tidzailumikiza akabwerako kumaliro ku Nzama, chifukwa panali chinthu chimene ankafuna kuchiganizira kaye.

Ine sindinadikire. Ndinafuna kuti akabwera adzapeze ikuyaka, adzandiyamikire. Ndinazula kababu kofiira, n'kulowetsa waya wa indiketa mwachindunji pabowo la nambala naini. Siinayake. Kachipi kanatentha mpaka ndinachotsa chala, ndipo ndinamva kafungo kamene ndinkakadziwa bwino pakhondepo, ka chinthu chimene chapsa. Ndinabwezeretsa zonse mmene zinalili, n'kukatunga madzi ngati palibe chachitika.

Kwa masiku awiri a Ngozo analimbana ndi kababu kamene sikankayakanso. Anasintha mawaya, anasintha kababu, anawotchereranso polumikiza paliponse. Ine ndinkakhala pambali n'kumawapatsira zida. Madzulo a tsiku lachiwiri, ndikutsuka mbale kuseri, ndinawamva akulankhula ndi a Nachisale, mokweza monga amachitira anthu osamva.

"Mwina mwana wathu akunena zoona. Manja anga atha, maso atha. Chinthu chinkagwira ntchito, ndachiwononga ndekha osadziwa. Mwina kuli bwino mupite, a Nachisale, kusiyana n'kuti ndidzakupezeninso pansi."

Zimene gogo anayankha sindinazimve. Ndinasiya mbale m'beseni n'kukaima pakhomo.

Kuulula mlandu kwa munthu wosamva n'kovuta, chifukwa sunganong'one. Ndinanena koyamba, anati, "Ati?" Ndinanena kachiwiri, anaika dzanja kukhutu. Kachitatu ndinakuwa mpaka akazi a Che Amidu anasuzumira pampanda: "Ndinaotcha ndine, agogo. Ndinalumikiza indiketa inu mulibe."

Anandiyang'ana, ine ndikudikira mbama imene sanandimenyepo chibadwire. Ndinaona mapewa awo akutsika, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

"Unaika pabowo liti?"

"Naini."

Anatenga kabolodi n'kuyendetsa chikhadabo m'mbali mwake. "Ndiye lafa ndi limodzi. Enawa ali moyo." Kenako anawonjezera, "Koma katundu ndi wa aphunzitsi. Mawa tiwaimbira, ndipo ulankhula ndiwe."

Tinaimba pafoni ya Che Amidu. Ndinafotokoza zonse, ndipo Halima anaseka kwa nthawi ndithu. Anati iye chaka choyamba anapsereza bolodi lathunthu, osati bowo limodzi. Anandiuza kusintha naini kukhala eyiti m'malangizo, kenako anati kabolodi kalibe mphamvu yoyatsira babu lalikulu; ntchito yake n'kulamula chabe, ndipo pakati pamafunika thiranzisita yoti izitsegula ndi kutseka mphamvu yochokera kubatire. Nditawakuwira agogo mawu amenewo, nkhope yawo inasintha.

"Thiranzisita? N'zimene ndinkaganiza popita kumaliro zija. Bwanji mapepalawa sananene?"

Ananena, koma patsamba limene tinali tisanafikepo. Agogo analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi chitini cha mkaka chodzaza ndi mathiranzisita amene anazula m'mawailesi akufa kwa zaka zambiri, anawakhuthulira pathireyi, n'kusankha imodzi yonenepa yochokera m'wailesi ya galimoto. Apa tsopano anali pamunda pawo. Sanafunse pepala kapena munthu. Chitsulo chinapsa pambaula, utsi wa mtovu unakwera, ndipo tsiku lotsatira indiketa yachikasu inayamba kuphethira pamwamba pa tebulo lawo, yowala mpaka kuonekera pa zitsulo zonse zimene zinali pamenepo. Mphamvu inkachokera kubatire la njinga yamoto limene ankatchaja ndi kasola ka padenga, ndipo kabolodi ankakadyetsa kudzera pa chaja ya foni ya m'galimoto.

Batani la gogo a Ngozo analipanga okha, chifukwa timabatani ta m'kabokosi tinali tolimba kwa dzanja lofooka. Anatenga chivundikiro cha botolo la mafuta odzola, anaikamo kasipuling'i kofewa, n'kuchimangirira pathabwa la bedi pamene dzanja lamanzere linkagonera. Waya anaudutsa m'mphepete mwa khoma mpaka pakhonde. Pamenepo panabuka vuto lina: indiketa inkayamba kuphethira yokha. A Ngozo ankathamangira m'chipinda, a Nachisale n'kuwayang'ana modabwa. Tsiku limodzi zinachitika kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo womaliza gogo anandikodola kuti ndiwerame.

"Uwauze kuti ngati akundisowa angobwera, asamanamizire babu."

Halima anatifotokozera kuti waya wautali umatola tizinthu ta m'mlengalenga, kabolodi n'kumayesa kuti munthu wadina, ndipo mankhwala ake anali kachipangizo kamodzi kakang'ono kotchedwa rezisita. Rezisita nazonso zinali ndi chitini chawochawo.

Chotsala chinali batani lozimitsira. Ine ndinkaona kuti malo ake ndi patebulo, pafupi ndi dzanja la agogo, ndipo ndinali nditayeza kale waya wamfupi. Iwo anapukusa mutu, anadula wautali, n'kukakhomera batanilo m'chipinda, kumutu kwa bedi.

"Likakhala pano ndidzalizimitsa n'kunena kuti ndimalize kaye kuwotcherera. Ndimadzidziwa. Lizime pokhapokha ndafika."

Sukulu inatsekera Lachisanu, amayi anafika Loweruka m'mawa ndi galimoto yaing'ono ya mnzawo. Analowa kukaona amayi awo, kenako anatuluka n'kukhala pakhonde. A Ngozo anawaonetsa zonse: kabolodi m'kabokosi ka sopo kokhomeredwa kukhoma, indiketa, batire, waya. Amayi anamvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti sanakhutire.

"Bambo, mwayesetsa, sindikukana. Koma batire likatha? Waya akaduka? Inu mukapita kumaliro kapena kumsika? Amayi si wailesi."

"Batire ndimaliona m'mawa uliwonse."

"Ine ndili kutali, bambo. Foni ikalira ndimayamba ndanjenjemera ndisanaiyankhe. Simukundimvera chisoni?"

Zinali zoona. Agogo anayamba kunena kuti, "Mwana wanga, ine ndi amayi akowa…" koma asanamalize, indiketa inayamba kuphethira. Anaimirira pomwepo, mawu ali pakamwa, n'kulowa m'nyumba. Ine ndi amayi tinatsatira.

A Nachisale anali atadzuka pang'ono, atatsamira pilo, dzanja lili pachivundikiro chija. A Ngozo anadina batani la kumutu n'kufunsa ngati akufuna madzi. Gogo anapukusa mutu n'kuloza amayi kuti ayandikire. Amayi anagwada pambali pa bedi, khutu pafupi ndi pakamwa pawo, ndipo ine ndinali pafupi mokwanira kumva.

"Mukukambirana za ine panja, ine ndili muno. Aliyense wanena zake. Wandifunsa ndani?"

Amayi anaweramitsa mutu. "Ndiye mukufuna chiyani, amayi?"

"Kwako n'kwabwino, koma ukapita kuntchito ndidzatsala ndi chitseko chokhoma. Kuno ndimamva msika. Ndimamva anzanga akuitanira malonda, ena amabwera kudzandiuza mitengo. Ndipo bambo akowa," anapuma kaye kuti apeze mpweya, "zaka zonsezi ndinkachita kukuwa kuti abwere. Panopa ndi chala chimodzi. Ndisiye ndidyerere."

Amayi anaseka misozi ikutsika, ndipo a Ngozo, amene sanamve ndi liwu limodzi, ankangoyang'ana uku ndi uku, mpaka ndinawakuwira kuti gogo akana kupita. Anatulutsa mpango m'thumba, anamina, n'kunena kuti asiya chitsulo pamoto.

Sikuti amayi anangogonja. Asanabwerere anakambirana ndi msuweni wawo wina wa kumudzi kuti azibwera m'mawa uliwonse kudzasambitsa gogo ndi kukhala nawo agogo aamuna akachokapo, ndipo anatisiyira foni. Galimoto inabwerera ku Blantyre itanyamula matumba awiri a kachewere m'malo mwa anthu.

A Nachisale anakhala zaka zina zitatu. Mawu awo anabwererako pang'ono, ndipo anafika poyenda ndi ndodo mpaka pakhonde, kumene ankakhala padzuwa n'kumadzudzula aliyense wodutsa ndi kabichi wofota. Indiketa ija inagwira ntchito nthawi yonseyo, kupatula masiku awiri pamene khoswe anadya waya. Atamwalira, a Ngozo anadikira mpaka tsiku lometa litadutsa, kenako anamasula kabolodi, anakapukuta ndi burashi, anakabwezera m'kabokosi kake pamodzi ndi mapepala, n'kupita nako kwa Che Amidu. Anati chobwereka n'chobwereka, ndipo anapepesanso za bowo la naini.

Ine ndinapitiriza sukulu, ndipo ndinasankha zamagetsi. Kukoleji ndinazindikira kuti ntchito imene tinavutikira masabata asanu ndi limodzi ija ikanatheka ndi tizipangizo tiwiri totchipa, popanda kompyuta n'komwe. Nditawauza agogo anaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Ndiye tikanaphunzira chiyani?"

Lero ndimaika mapampu a sola m'madimba, ndipo Loweruka lina ndimaphunzitsa ana a sekondale timabolodi tonga kaja. Ambiri amabwera ndi mantha, manja ali kumbuyo, kuopa kuwononga. Amene amandivuta kwambiri si anawo, koma ineyo, ndikafika pa chipangizo chatsopano chimene sindikuchidziwa, anthu akundiyang'ana ngati katswiri. Pamakhala kamphindi kofuna kunamizira. Ndimakumbukira kuti ndinaleredwa ndi munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, wolemekezeka pantchito yake msika wonse, amene anakhala pabenchi ya ana n'kufunsa mafunso a woyamba kumene pamaso pa aliyense. Ndiye ndimangonena kuti sindikudziwa, tiyeni tione limodzi.

A Ngozo akadali moyo. Makutu anatsekekeratu, timalankhulana polemba. Mawailesi obwera pakhonde anachepa, anthu amamvera pafoni, ndipo iwo amathera nthawi yambiri pakadimba ka kuseri kwa nyumba. Pa Khirisimasi ndinawapititsira kabolodi kawokawo ndi laputopu yanga yakale, zilembo nditazikulitsa, pamodzi ndi kope limene ndinamasuliramo malangizo m'Chichewa. Akufuna kupanga choti chiziwauza thanki ya madzi ikadzaza, chifukwa madzi akamasefukira samva. Pano ndi mwezi wachitatu chisanatheke. Ndinawalembera kuti ndikabwera kumapeto kwa mwezi ndidzawakonzera, ndi ntchito ya ola limodzi. Yankho lafika dzulo masana, lolembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha:

"YAKANANSO. KOMA NDAONA PAMENE PAKUVUTA. USANDIUZE. UKAMABWERA UNGOTENGA WAYA WOFIIRA MAMITA ASANU."

Wayayo ndagula kale, ali m'chikwama.